Udzu wa kavalo

Ndili mwana, dona wina wa ku mishoni anatiwerengera buku la anthu a ku Amereka amene kale ankasenza okha katundu, wina n'kukoketsa agalu. Akuti akavalo atafika kwawoko, misana ya anthu inapuma. Dona anati tiombe m'manja.

Ine ndinakana, ndipo anandikoka khutu. Kavalo ndinkamudziwa. Mzungu amene analemba ntchito bambo anga ku Sunnyside anali naye, ndipo ankamusunga ngati dzira. Tsiku lililonse bambo ankasenza mtolo wa udzu kuchokera ku Mudi kuti nyamayo idye. Bwanayo akafuna kupita ku Limbe ankagona m'machira, bambo ndi anzawo n'kumuika paphewa.

Ndikanaombera chiyani? Kwathu kavalo atafika, bambo anayamba kumusenzera chakudya, n'kusenzanso mwini wake.