Rabia Ajula ndi Maliro a ku Vubwi

Rabia anabadwira m'ngolo, panjira yopita ku chipatala cha ku Sinda, mwezi wake usanakwane. Ng'ombe zinali zikukokabe pamene mwana anayamba kulira. Atate ake, a Luqman, ankabwera pambuyo akukankha njinga, chifukwa sankakonda kupalasa akakhala ndi nkhani yoti aiganizire. Atafika n'kusuzumira m'ngolomo anati, "Uyu ndi Ajula." Dzina la Rabia linaperekedwa patapita sabata, koma lija la m'ngolo ndi limene linamera mizu.

A Luqman anachokera ku Ntaja, ku Malawi, ali mnyamata, kudzagulitsa zitenje. Banja litakhazikika ku Katete, m'mawa ankakhala pansalu zawo, masana n'kumaphunzitsa ana Chiarabu ku madrasa. Anali munthu wodekha moti tiyi ankamwa atazizira, ngakhale sankakonda tiyi wozizira.

Tsiku lina Rabia, ali kamtsikana, anaima pakhomo ndowa ili pamutu n'kufunsa chimene dzina lakelo limatanthauza.

"Khala pansi," anatero a Luqman. "Mawu a Chiarabu amaphuka pa zilembo zitatu, ngati mphukira pa chitsa chimodzi. Chitsa chako ndi aini, jimu ndi lamu. Mphukira yoyamba ndi ajala, ndiye kuti phuma, kujijirika, mtima wosakhala m'malo. Yachiwiri…"

Atakweza maso anapeza akulankhula ndi chitseko. Mwanayo anali atafika kale kumjigo.

Motero tanthauzo la dzina lake Rabia analimva zidutswazidutswa kwa zaka zambiri. Tsiku limene anagwera m'ngalande ndi njinga ya atate ake, anauzidwa kuti gudumu nalonso ndi la chitsa chomwecho, poti silidziwa kuima. Tsiku limene anathyola mpando podumphira mwana wa mnansi amene ankakwawira kumbaula, anamva kuti thole la ng'ombe amalitcha ijili, mwina chifukwa chodumphadumpha popanda amene akulithamangitsa.

Kusukulu ankayankha funso aphunzitsi asanamalize kufunsa, ndipo theka la mayankhowo linali lolondola. Ataona kuti mayeso amafuna munthu wokhala pansi maola atatu, anasiya n'kutsegula kantemba m'mbali mwa msewu waukulu, pamene pamaima maminibasi a ku Chipata ndi ku Lusaka. Ankagulitsa vitumbuwa, samusa ndi mazira owiritsa. Ntchitoyo inamuyenera ngati nsapato. Basi ikangochepetsa liwiro, Rabia anali ali kale pawindo, ndipo panalibe wokwera amene anapita ndi njala chifukwa choti dalaivala waliza huta. A Luqman atabwera kudzaona kantembako anayang'ana beseni la vitumbuwa kwa nthawi, kenako anati chakudya chimene wapaulendo amangotsomphola osakhala pansi, Aarabu amachitcha ujala. Rabia anamva mawu amenewa ali chothamanga.

Ngakhale ukwati wake unayenda choncho. Karimu, telala wofatsa wa kuseri kwa msika, ankabwera tsiku lililonse kudzagula vitumbuwa viwiri, n'kuima, n'kutsokomola, n'kupita. Dzinja litadutsa, Rabia anatopa.

"Inu a Karimu, mukufuna vitumbuwa kapena ine?"

Karimu anayang'ana pansi. "Zonse," anatero.

"Ndiye pitani mukaonane ndi ababa lero. Vitumbuwa mutenga pobwerera."

Nkhani imene anthu a ku Katete amamukumbukira nayo kwambiri inachitika Rabia ali kale mayi wa ana atatu, amayi ake atamwalira. Chaka chilichonse alimi akagulitsa soya ndi mtedza, a Luqman ankanyamula zitenje kupita nazo kumidzi ya ku Vubwi. Ankafikira kwa mnzawo wakale, a Mateyo, mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo wa Reformed. Awiriwa ankatsutsana za Mulungu mwaulemu, ndipo a Mateyo anali ndi mpeni wapadera woti a Luqman azizingira okha nkhuku.

M'mawa wina foni ya Rabia inalira mafuta ali pamoto. Anali a Mateyo. Kumalire kuja foni imagwira mwakufuna kwake, ndiye mawu ankabwera modukaduka.

"Mayi, musadzidzimuke… atate anu agwa panjinga… sanathe kudzuka… tawanyamula, tawagoneka m'nyumba…"

Rabia anadula foni. Sanalire. Anaphula mafuta, namanga chitenje m'chiuno.

Kwa Asilamu maliro sagonera masiku, ndipo apa phuma la Rabia linapeza ntchito yolingana nalo. Dzuwa lisanafike pamutu, kumzikiti anali atadziwa, achinyamata anali kumanda ndi makasu, Karimu anali atadula sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo, ndipo amayi anali akusankha mpunga pakhonde. Mdzukulu wina wa shehe anayesa kuimbira a Mateyo kuti amve bwino, koma foni sinalowe. Rabia anapeza galimoto ya kanta yomwe inali itangotsitsa feteleza, nakweza mwamuna wake ndi akuluakulu awiri oti akasambitse thupi. Iye anakhala kutsogolo, ndipo msewu wonse wa ku Chadiza ankaponda pansi ndi phazi lake ngati ndiye akuyendetsa.

Anafika dzuwa litapendeka. Pakhomo pa a Mateyo panali zii. Nkhuku zinkapalasa, mayi wina ankapeta mtedza. Rabia anaganiza kuti Akhristuwa akudikira eni maliro kuti ayambe kulira, ndipo anawayamikira mumtima. Analowa m'nyumba osaodira, sanda ili m'khwapa.

A Luqman anali tsonga pamphasa, mwendo womangidwa nsalu atautsamiritsa pa thumba la chimanga. Ankauzira tiyi amene anali atazizira kale.

Rabia anakhala pansi pomwepo, ndipo kulira kumene anakusunga njira yonse kunatuluka nthawi imodzi. Analira mokuwa, akugwira phazi labwino la atate ake, akuligwedeza ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi lolumikizika. Karimu ndi akuluakulu aja anaima pakhomo, mmodzi atanyamula ndowa, wina sopo.

A Luqman anadikira mpaka kulirako kutachepa. Kenako anatambasula dzanja, natenga sanda ija, naipenda ndi zala.

"Nsalu yabwino," anatero. "Karimu, wadula bwino. Koma wawonjeza utali."

"Pepani, ababa," anatero Karimu.

A Mateyo analowa akupukuta m'manja. "Mayi, ine ndimati bondo lagwedezeka, mubwere ndi galimoto mawa kapena mkuja. Ndisanamalize ndinangomva tii."

"Munati mwawagoneka," anatero Rabia.

"Eya. Nanga munthu wovulala tikanamuimika?"

A Luqman anamwa tiyi pang'ono. "Mwanawe, lero wakhala pansi, ndiye ndimalize zija. Pa chitsa chako pali mawu akuti ajuli. Amanena munthu waphuma. Koma amanenanso ngamila yaikazi imene yataya mwana wake. Imathamangira uku, kuthamangira uko, osadya, osaima, ndipo abusa saimenya chifukwa amadziwa chimene chikuithamangitsa." Anaika kapu pansi. "Ine sindikukalipira."

Rabia anapukuta mamina ndi chitenje.

"Palinso mawu ena a chitsa china," anapitiriza. "Ajali, nthawi imene Mulungu anaikira munthu kuti achoke. Ndi ajala zimasiyana kachilembo kamodzi koyamba, kaja kotulukira pakhosi kamene unkakana kukaphunzira. Iwe wabwera ndi ajala. Ajali sinafike."

"Ndiye manda titani, ababa?"

"Mwakumba kale?"

"Achinyamata anayamba tisananyamuke."

A Luqman anayang'ana kudenga kwa nthawi ndithu. "Mbali iti?"

"Pafupi ndi amama."

"Malo abwino," anatero.

A Mateyo anakana zoti alendo abwerere osadya, ndipo anatulutsa mpeni uja. Anagona komweko. M'mawa mwake a Luqman anawakweza kumbuyo kwa kanta, pamatiresi omwe anawabweretsera ntchito ina. Rabia anakhala nawo kumbuyoko, mwendo wodwalawo uli pamiyendo pake. Galimoto ikagunda bampu ankamenya denga la dalaivala n'kukuwa kuti ayende pang'onopang'ono. Dalaivalayo, amene dzulo lake ankauzidwa zosiyana, anangopukusa mutu.

Karimu anali ataimba foni ali panjira, koma uthenga wabwino suyenda ngati wa maliro. Pofika ku Katete anapeza anthu ochokera ku Sinda ndi ku Chipata atadzaza pakhomo. Ena anaseka, ena analira, ena anakwiya pang'ono chifukwa cha ulendo. Mkulu wina wovutika kumva anayandikira a Luqman pamene ankawatsitsa, nawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani ndi zovuta zagwazi."

"Zikomo," anatero a Luqman. "Zimachitika."

Mpunga unali utaphikidwa kale, ndiye shehe anati udyedwe ngati sadaka yothokoza. Dzenje linakwiriridwa tsiku lotsatira, atatulutsamo kaye mbuzi ya munthu wina. Rabia anakhala masiku angapo osapita kukantemba chifukwa cha manyazi. Makondakitala atayamba kutumiza mauthenga akuti okwera akudandaula, anabwerera, ndipo amene anayesa kumuseka anapatsidwa vitumbuwa vake mwachangu moti analibe mpata womaliza nthabwala.

A Luqman sanapalasenso njinga. Zitenje anasiyira mdzukulu wawo Yusra, ndipo masiku ano a Mateyo ndi amene amakwera basi kudzawaona, kuti apitirize mkangano wawo. M'mawa nkhalambayo imakhala pabenchi pambali pa kantemba, ndodo ili pakati pa miyendo, kuyang'ana mwana wake akudumpha ngalande ndi beseni, ngakhale imvi zayamba kutulukira m'mphepete mwa mpango wake. Foni ikalira, Rabia amamvetsera mpaka woimbayo amalize. Amamvetsera atavala kale nsapato.