Mafoni Ankapita ku Zambia Eni Ake Ali M'chigafa

Nditayamba ntchito yokonza nsanja za netiweki, kampani inanditumiza ku Kasungu, kwathu komwe. Ndinakulira kufupi ndi Nkhamenya, choncho misewu yafumbi ya kumeneko sinali yachilendo kwa ine. Wachilendo ndinali ineyo: mkazi wovala ovolosi, lamba wokwerera ali m'chiuno. Ndikayamba kukwera nsanja, anthu ankaima makasu ali paphewa n'kumandiyang'ana mpaka nditatsika.

Chaka changa chachiwiri, abwana anandiitana mu ofesi. "Anthu a kumadzulo kwa Chisemphere akuti tikuwabera mayunitsi," anatero. "Tapitani mukaone."

Inali nyengo yosoka fodya. Ndinafika pa esiteti ina ya fodya wa bale, chakufupi ndi mpanda wa paki ya nyama zakutchire, ndipo ndinapeza matenanti atakhala pansi m'zigafa, singano zili m'manja. Atamva kuti ndachokera ku kampani ya mafoni, ntchito inaima. Bambo wina anapukuta manja pa buluku, natulutsa foni yake yamabatani n'kundipatsa kuti ndiwerenge uthenga wa Chingerezi umene unali momwemo.

"Tandiuzeni, mayi, akuti chiyani pamenepa?"

"Akuti takulandirani ku Zambia."

"Ku Zambia? Ine chibadwire sindinapondeko. Kapena foniyi imapita yokha ine ndili m'chigafa muno?"

Anthu anaseka, koma bamboyo ananena zoona. Nditatsegula laputopu n'kuyeza, ndinaona kuti nsanja yathu, imene inali kutali cha kumsewu wa phula, inkafika kuno mofooka. Ya kampani ya ku Zambia inali pamwamba pa phiri, ndipo pakati pake panalibe chotchinga, dziko lathyathyathya lokhalokha. Foni ikataya netiweki yathu inkagwira ya kumeneko, mwini wake n'kumalipira ngati mlendo m'dziko la eni. Munthu amaimbira m'bale wake wa ku Njombwa, asanamalize n'komwe malonje, foni n'kuduka.

Ndinabwerera ku ofesi ndikuganiza kuti ndi nkhani ya sabata imodzi. Abwana anandimvera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Nsanja imeneyo si yathu, ndipo dzikolo si lathu. Ife tilembera bungwe lotiyang'anira. Bungwelo lilembera linzake la ku Zambia. La ku Zambialo ndilo lilembere kampaniyo. Yankho nalo lidzadutsa njira yomweyo pobwera."

"Nanga ndingowaimbira amisiri awowo?"

"Mukatero ndiye mwatiika pa mlandu tonse."

Fodya anauma, anamangidwa m'mabelo, anapita ku okushoni. Anthu anayamba kuthirira nazale za chaka china. Apa m'pamene inabwera kalata yolola kuti ine ndi mmisiri wawo tikayezere limodzi.

Mnzangayo anali bambo wachikulire ndithu, wa imvi m'ndevu, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chitumbuka. Galimoto ya kampani yawo inalibe mapepala oolokera, ndiye anaisiya pachipata cha m'malire n'kukwera yathu, chikwama cha zida chili pamiyendo. Tsiku lonse tinkayenda n'kumaima: pa sukulu, pa mjigo, pa esiteti ija. Aliyense ankalemba manambala ake, kenako n'kufananitsa.

"Alongo anga," anatero pomwe tinkadya chinangwa chophika pansi pa mtengo, "ntchito iyi ndi ya sipanala imodzi. Ndikwere, ndiweramitse antena pang'ono kuti isamaponye patali, basi. Ola limodzi silingakwane."

"Ndiye bwanji osangotero?"

"Ndikaweramitsa kwambiri, midzi ya kwathu ya kumalire itsala mumdima. Nanenso ndili ndi anthu amene amandidikira ndi madandaulo. Komanso inu, nsanja yanu ikapanda kuwonjezera mphamvu, anthu anuwa atsala opanda kalikonse. Panopa, ngakhale akudandaula, wodwala akapezeka amaimba."

Zimenezo ndinali ndisanaganizeko. Ine ndinkaona ngati iwo ndi olakwa, ife olakwiridwa. Tinalemba lipoti limodzi, tonse n'kusaina: iwo aweramitse pang'ono, ife tiike antena ina yoloza kumadzulo, ndipo zichitike tsiku limodzi. Lipotilo linakalowa m'maofesi. Ndinkangomva kuti kwathu akuti ayambe ndi a ku Zambia, kwawo akuti ayambe ndi a ku Malawi, ndipo mabungwe awiri aja akufuna tsiku loti akumane.

Podikira, ndinaganiza zochita zimene ndikanatha ndekha. Loweruka ndinkapita ku esiteti, Lamlungu ndinkadikira anthu atuluke m'tchalitchi, n'kumawasonyeza mokanikizira kuti foni igwiritsitse netiweki yathu yokha, isamadumphe. Ntchito yake inali yotopetsa chifukwa foni iliyonse ili ndi njira yake, ina yofufutika mabatani, ina yomangidwa ndi mphira. Koma ndinkaikonda. Anthu ankandipatsa mpando, ankandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndipo ena anapezeka kuti ankawadziwa malemu bambo anga.

Tsiku lina mayi wina anakana kundipatsa foni yake. Anali mkazi wa tenanti, wochokera ku Phalombe, wamfupi, wolankhula mofulumira. Anandikokera kuseri kwa chigafa.

"Achemwali, ndamva kuti mukufuna kutseka ya ku Zambia."

"Osati kutseka, mayi. Kungoibweza kwawo."

Anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chake n'kundionetsa kakhadi ka foni kokulungidwa m'kapepala. Kanali ka ku Zambia. Anandifotokozera kuti mwana wake wamkazi woyamba anakwatiwa kutsidya, ndi mnyamata amene anabwera kudzagwira ganyu wa fodya. Mwanayo ndiye anam'tumizira kakhadiko. Akafuna kulankhula naye, ankachotsa ka ku Malawi n'kuika kameneko, n'kumacheza momasuka ngati onse ali mudzi umodzi.

"Ndi ka kuno sindingathe, achemwali. Moni yekha, mayunitsi atha. Mwanayo ndi woyembekezera, ndipo mimbayi ndi yoyamba. Apongozi ake ndi anthu abwino, koma pali zina zimene munthu amafunsa mayi ake omubereka. Mukaibweza netiwekiyo, mwandilanda mwana."

Ndinangomuuza kuti ndamva, ndipo kuti sindingalonjeze kanthu.

Pofika nthawi imeneyo tinali titaloledwa kuimbirana ndi mmisiri wa ku Zambia uja pa nkhani za ntchito, choncho ndinamufotokozera. Anaseka pang'ono.

"Mukuganiza kuti ndi yekha? Kuno kulinso amayi amene ali ndi makhadi a kwanu, amakwera pachulu kuti aimbire abale awo. Malire anajambula ndi ena, alongo anga, koma anthu amakwatirana basi. Tidzaone tsikulo likadzafika."

Tsikulo linafika mvula itagwa n'kutha kachiwiri. Antena yathu yatsopano tinaimanga dzulo lake, ndipo m'mawa mwake anzanga anaiyatsa. Ine ndinakaima pabwalo la esiteti, laputopu ili pa boneti ya galimoto, foni ili kukhutu. Kutsidya, bambo uja anali pamwamba pa nsanja yake. Ndinkamva mphepo ikuwomba mufoni ndiponso kupuma kwake.

"Ndaweramitsa. Mukuona bwanji?"

"Ikadali yamphamvu. Onjezani pang'ono."

Ndinamva chitsulo chikulira. Manambala a pa laputopu anayamba kutsika, mpaka anafika pa mlingo umene mabungwe aja anagwirizana. Pamenepo foni ya munthu sikanadumphanso yokha, chifukwa yathu inali itaposa.

"Imani kaye pomwepo," ndinatero. "Mungapirire kukhala pamwambapo kanthawi?"

"Ndili ndi madzi akumwa. Pitani."

Ndinali ndi kakhadi ka ku Zambia koyezera. Ndinayendetsa galimoto pang'onopang'ono kudutsa m'minda. Pa zigafa netiweki ya ku Zambia panalibe. Pa mjigo panalibe kanthu. Ndinakwera kamtunda kamene kali kuseri kwa tchalitchi, pomwe pali miyala ndi mitengo ya masuku, ndipo pamenepo kanagwira. Timizere ta netiweki tiwiri tokha, koma tokhazikika. Ndinayesa kuimba, inalowa.

"Pali kamtunda pano kamene ikufikabe," ndinamuuza. "Sikakuphwanya zimene tinagwirizana."

"Ndiye ndimange?"

"Mangani."

Anamanga mabawuti ake, natsika. Lipoti ndinalemba monga zinalili, kamtunda kaja ndinakatchulanso, ndipo palibe amene anafunsapo kanthu.

Madzulo a tsikulo ndinapita kunyumba kwa mayi uja. Ndinamupeza akupeta mtedza. Mwana wake anali atachira kalekale, khanda linali litayamba kukwawa, koma gogoyu anali asanalione ndi maso. Nditamuuza kuti pakhomo pake ya ku Zambia yatha, anaika lichero pansi. Kenako ndinamuuza za kamtunda.

"Kuseri kwa tchalitchi? Achemwali, kumeneko n'kutali. Ine ndinkaimbira pakhonde pompano, nyemba zili pamoto."

"Ndi zimene ndakwanitsa, mayi."

"Chabwino. Miyendo ndili nayo. Tiyeni mukandionetse malo ake enieni, ndingakaime polakwika."

Tinapita wapansi. Mnjira anandiuza za ku Phalombe, za munda umene anasiyira mng'ono wake, ndi za mwamuna wake amene chaka chilichonse amati chino n'chomaliza kulima fodya wa eni. Titafika, ndinamuonetsa mwala wathyathyathya woti azikhalapo. Anamasula mfundo ija, anasintha kakhadi ndi zala zakuda ndi utomoni wa fodya, n'kuimba. Inalira katatu.

Sindinafune kumvetsera, ndiye ndinapatuka n'kumatola masuku ouma pansi. Koma ndinamva mawu ake atasintha, akuseka, akufunsa ngati mwana wayamba mano. Patapita kanthawi anandiitana.

"Bwerani kuno, achemwali. Mwana wanga akufuna akupatseni moni."

Ndinalandira foni. Mawu a mtsikana anandipatsa moni mwaulemu, nandithokoza, kenako anati: "Tadikirani, mulankhule ndi mwini wake." Ndinamva kupuma kwa khanda pafupi kwambiri, kenako phokoso ngati likufuna kuluma foniyo. Ndinalipatsa moni monga ndingapatsire munthu wamkulu, ndipo linayankha ndi kukuwa kumodzi kwakukulu. Kutsidya anthu anaseka, ife kuno tinasekanso.

Potsika, mayiyo anaumirira kuti ndidzere kunyumba kwake. Anandithirira mtedza m'jumbo, nawonjezera dzungu limodzi lalikulu limene ndinavutika kulinyamula mpaka pagalimoto. Ndinaliika pampando wakutsogolo n'kulimanga lamba kuti lisagubuduke m'mabampu, ndipo ndinanyamuka dzuwa likadalipo.