Mayi Edina Nampeya ndi mphete ya labala

Mayi Edina Nampeya anabadwira kwa Mwambo m'chaka cha 1951, m'banja la alimi a chimanga omwe makolo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma Baibulo ankawerenga okha, ndipo kuyambira ali mwana ankadziwika ndi mafunso. M'kalasi ya ubatizo anafunsa mkulu wa mpingo ngati nsomba zimene Petro ankagwira zinali makumba kapena milamba. Mkuluyo anavomera kuti sakudziwa, ndipo Edina anamulemekeza moyo wake wonse chifukwa chonena zoona.

Anakwatiwa ndi bambo Medson, msodzi wa ku Kachulu, nabereka ana asanu ndi anayi. Awiri anamwalira ali makanda. Nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, mabwato ali pamatope, banjalo linapeza munda wa mpunga ku Likangala. Mayi Nampeya ankasenza matumba pamutu kuchokera kumunda mpaka kumsewu, amuna ena nkumawagomera. Ku Mvano sankajomba Lachinayi. Kukakhala wodwala kapena wokalamba m'mudzi, iwo ndiwo ankamutungira madzi ndi kumutolera nkhuni, ndipo sanasiye ngakhale bambo Medson atamwalira mu 2009.

Mayeso awo aakulu anafika ali ndi zaka 62. Anayamba kumva kulemera m'munsi mwa mimba, ngati china chake chikufuna kugwa. Akaima nthawi yaitali, kanthu konga dzira kankatulukira kunjira yoberekera, ndipo akatsokomola mkodzo unkadontha. Poopa kunyowetsa benchi ya m'tchalitchi, anakhala kunyumba miyezi isanu ndi itatu. Ena anati alowa mpingo wina, ena anati ayamba matama. Mwana wawo Gloria anawamvapo akupemphera kuti, "Ambuye, kudwala sindikukana ayi. Koma mundiuzeko dzina la chinthuchi."

Dzinalo linabwera ndi mayi Rahima, Msilamu wogulitsa matemba ku Kachulu, mnzawo wa kale. Anawaona akudzuka movutika pambali pa thandala loyanikapo nsomba.

"Anzanga, mukuyenda motang'adza bwanji?" anafunsa mayi Rahima.

Mayi Nampeya anayang'ana uku ndi uku, kenako anawanong'oneza zonse.

"Iii, miyezi yonseyi muli chete? Achemwali anga anali nazo zimenezo. Chiberekero chatsika basi, si zolodzedwa. Mawa tikwere minibasi."

Kuchipatala ku Zomba adokotala anati opaleshoni ilipo, koma mtima wawo ndi kuthamanga kwa magazi zinali zodetsa nkhawa. Mayi Nampeya anafunsa ngati panalibe njira ina. Apo namwino wina dzina lake Shamila anawajambulira papepala minofu imene imanyamula chiberekero, nati yafooka ngati ukonde wakale chifukwa cha kubereka kambiri ndi kusenza zolemera. Kenako anawaonetsa mphete yofewa ya labala imene amailowetsa mkati kuti ichirikize chiberekerocho.

Mayi Nampeya anaitembenuza m'manja, naipinda, naikweza kuwindo.

"Mwana wanga, siingasochere m'mimba?"

"Ilibe kolowera, amayi."

"Nanga anaiganiza ndani, mwamuna kapena mkazi?"

"Zimenezo sindikudziwa."

"Nanga pa tsiku la kuuka kwa akufa, ndidzauka nayo?"

Shamila anaseka mpaka kugwira tebulo. "Kumeneko simudzaifunanso, amayi."

Atawaika mpheteyo anaimirira, nayenda mpaka pakhomo, nabwerera. Kulemera kuja kunalibe. Anakhala pansi nalira.

Namwinoyo anawauza kuti azibwera miyezi itatu iliyonse kuti aziichotsa ndi kuitsuka. Azimwa madzi ambiri, azidya masamba ndi mapapaya kuti asamadzimbidwe, chifuwa asamachilekerere. Anawaphunzitsanso kufinya minofu ya kumunsi ngati akuletsa mkodzo, kenako nkumasula, katatu pa tsiku. Posowa wotchi, iwo ankawerengera ndi mizere ya Pemphero la Ambuye, ndipo anayamba afunsa kaye amayi busa ngati kutero sikunali kunyoza. Amayi busa anati thupi nalonso analenga ndi Mulungu.

Lamulo limene linawapweteka linali loti asasenzenso katundu. Tsiku loyamba kuona Gloria atanyamula ndowa ya madzi kupita kwa nkhalamba ina imene iwo ankaitumikira, anangolowa m'nyumba. Ankadzifunsa kuti munthu wosasenza angagwire ntchito yanji mu mpingo.

Lachinayi lina anavalanso bulauzi yoyera ya Mvano. Mapemphero atatha anapempha kulankhula, nafotokoza zonse poyera, kuyambira mkodzo mpaka mphete. Amayi ena anawerama ndi manyazi, wina anatuluka. Koma pobwerera kunyumba mayi Elenala, mnzawo wa mu Mvano, anawatsatira pambuyo, ndipo atafika pa mtengo wa mango anati, "Amayi, inenso ndili nazo, chaka chachitatu chino."

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inakhala yoperekeza. Kwa zaka khumi anatenga amayi a ku Kachulu, a ku Likangala, Akhristu ndi Asilamu omwe, kukwera nawo minibasi, kukhala nawo pamzere kuchipatala. Ena anapatsidwa mphete, ena anangophunzitsidwa kufinya minofu, awiri anachitidwa opaleshoni. Mayi Nampeya sankanena kuti iwo ndi dokotala. Ankangoti, "Ine ndimadziwa khomo lake basi."

Mu Juni chaka chatha anadwala chibayo masiku anayi. Masana a tsiku lachinayilo anapempha kuti atsegule chitseko amve anthu akupuntha mpunga kwa aneba, nafunsa ngati chaka chino wabereka. Atauzidwa kuti inde, anapempha amayi a Mvano ayimbe. Anamwalira nyimbo yachiwiri isanathe.

Patatha sabata, kunabwera mayi wina wochokera ku chilumba cha Chisi, atasenza dengu la nsomba zouma, akufunsa kwa mayi operekeza anthu. Gloria anamuuza kuti anaikidwa Loweruka. Mayiyo anatembenuka kuti azipita.

"Dikirani," anatero Gloria. "Tulani kaye denguli, ndi lolemera. Mawa ndikuperekezani ine."