Antchito a Malemu Achuluka M'bwato

Lachiwiri m'mawa ndinapeza alendo asanu ndi awiri m'nsapato zanga za kutchalitchi. Nditawakhuthulira pakhonde, onse anadzipinda n'kukhala ngati nthanga za therere. Ena anali pakhoma la khitchini, ena pansi pa lichero, ndipo kamodzi kankayenda m'mphepete mwa kapu ngati kakuyendera munda wake.

Tizilombo timeneti mumatidziwa nonse, ngakhale kuti dzina lake sindinamvepo munthu akulitchula. Mukasuntha mtsuko wa madzi kapena kutembenuza mwala pamalo achinyontho, mumatipeza: totuwa, tamsana wamizeremizere, tamiyendo yambiri, kukula kwake ngati khobwe. Sitiluma munthu. Ambiri mumangotisesa. Amuna anga, malemu bambo a Esinati, ankatiweta.

Miyendo itayamba kuwavuta n'kusiya kupita panyanja, bwato lawo linali litang'ambika kale kumutu. Anakana kuliwaza nkhuni. Anzawo anawathandiza kulikokera kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Anathiramo dothi, masamba owola ndi makoko a chinangwa, n'kuikamo tizilombo todzaza dzanja limodzi, pamwamba n'kuphimba ndi masaka onyowa. Ankati amenewa ndi antchito awo: amadya zowola n'kusiya dothi lakuda lofewa, sakangana, ndiponso sadwala Lolemba.

Anatisiya chaka chatha, mpunga uli pafupi kucha. Pogawa katundu, achibale anachita zonse mwaulemu ndipo ndilibe nawo mlandu. Wina anatenga njinga, wina jekete, wina ukonde. Bwato lija palibe analitchula, choncho linatsala kwa ine, ndipo mumtima ndinakondwa.

M'mawa uliwonse ndinkachita zimene ndinkawaona akuchita. Kuwaza madzi pamasaka, kuthira makoko. Ndipo poti chisoni chimafuna ntchito ya manja, ndinkawonjezera: papaya wakupsa kwambiri, matumbo a dzungu, zigoba za mazira. Kuchotsa sindinachotsepo ngakhale kamodzi. Ndikanachotsa bwanji? Kalikonse kanali mdzukulu wa tija anatola iwo ndi manja awo.

Ndiye Lachiwirilo, nditatha ndi nsapato, ndinapita kukavundukula masaka. Dothi silinkaoneka. Pamwamba ponse pankayenda. M'makona munali takufa tambirimbiri, ndipo munkatuluka fungo lowawasa limene kale kunalibe. Ndinakhala pansi pamuzu wa mango. Chinthu chimodzi chamoyo chimene anandisiyira chinali kuwonongeka m'manja mwanga, ine ndikuti ndikusamala.

Ndili chikhalire, anatulukira mlamu wanga Fanesi, mchemwali wa malemu, atasenza mpunga kuchokera kwawo ku Chia. Anatula, anasuzumira m'bwato, n'kubwerera m'mbuyo.

"Mlamu, mwaweta mpaka ziweto zayamba kusamukira m'nyumba? Mawa zikupemphani bulangete."

Iye nzeru yake inali yachidule. Anati titereke madzi, tithire owira, bwatolo tiwaze nkhuni, nkhani ithe. Achimwene ake anali munthu wabwino, anatero, koma izi zinali zochita za munthu wosowa nsomba zoti azikambirana nazo. Ndinamuuza kuti madzi owira akathire kwawo. Anati ngati ndi choncho tibwereke abakha a oyandikana nawo, ntchito itha dzuwa lisanapendeke. Tinakangana tikusenda chinangwa, popanda kupsetsana mtima. Ine ndi Fanesi takangana chikwatiwire changa, ndipo tsiku limene adzavomere mawu anga msanga ndidzadziwa kuti wadwala.

Cha kumasana a Saidi ankadutsa pamsewu kuchokera kumzikiti. Amenewa ankapalasa bwato limodzi ndi malemu kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano ali ndi dimba la tomato ndi mpiru. Fanesi anawaitana kuti adzatiweruze. Anabwera, anapereka moni, anagwada pambali pa bwato. Anapisa dzanja mpaka pansi, anatapa dothi n'kulinunkhiza. Kenaka anandifunsa kuti ndinachotsamo liti komaliza.

Ndinati chichokereni eni ake sindinachotsepo.

A Saidi anapukuta dzanja pabondo.

"Mayi, anzangawa mwezi ukangooneka ankachotsa theka. Chitini chimodzi chinali changa, china chinkapita ku nthochi zanuzo, china kwa aphunzitsi opuma aja a ku Bua. Zotsala ankapatsa nkhuku."

Nkhuku! Ndinafunsa kuti nanga ine ndinkakhala kuti zonsezi zikuchitika. A Saidi anati ntchitoyi inkachitika Lachinayi masana, ine ndili ku msonkhano wa amayi kutchalitchi, chifukwa malemu ankadziwa kuti ndikaona nkhuku zikujompha ndiyamba kuwawerengera machimo. Fanesi anaseka mpaka anagwira mtengo.

Ine ndinkangoona zothira m'mawa. Zochotsa sindinaziwonepo, ndiye ndinkayesa kuti kuweta ndi kuthira basi.

Nditawafunsa a Saidi chifukwa chimene sanabwerere miyezi yonseyi, anayang'ana pansi. Anati kawiri konse anafika pampanda ali ndi chitini m'manja, ndipo kawiri konse anabwerera.

"Munthu kulowa ndi chitini pakhomo pa mayi woferedwa? Anthu akanati Saidi wayamba kukolola manda asanaume."

Mwamva, abale anga? Iwo ankaopa kupempha, ine ndinkaopa kuchotsa, ndipo tonse tinkati tikulemekeza malemu. Pakati pa ulemu wawo ndi ulemu wanga, antchito aja ankafa ndi kupanikizana, kwinaku tomato wa a Saidi akusowa dothi labwino.

Takhala tikudzudzula olanda katundu wa amasiye, ndipo tisasiye, chifukwa alipobe. Ndawaonapo amayi atatsala ndi mphasa yokha. Koma pali chinanso chimene sitikamba. Anthu abwino, poopa kutchedwa olanda, amatalikira ngakhale zinthu zimene zimafunika kuti wina azitengako. Amabwera kudzapepesa, amabwera kudzapemphera, koma za ntchito ya malemu sanena kanthu. Woferedwayo naye amangoti zonse zikhale mmene mwini anazisiyira.

Kodi chamoyo chimakhala mmene unachisiyira?

Ndikudziwa khomo lina kumene nkhunda zachuluka mpaka zikugona padenga la oyandikana nawo, chifukwa mayi wa pakhomopo akuti zinali za mwana wake ndipo sangaphe ngakhale imodzi. Ndikudziwa nthochi zimene zathithikana osabereka, poti amene ankazula ana ake anapita ndipo otsala akuona ngati kuzula n'kumunyoza. Sindikuwaseka anthu amenewa. Mpaka Lachiwiri ndinali m'gulu lawo.

Chinanso ndi ichi, ndipo ndikunena kwa inu amene mnzanu wa m'nyumba akadali moyo. Tinakhala ndi bambo a Esinati zaka zambiri, ndipo ndinkati ndimadziwa zonse za iwo, mpaka chifuwa chawo ndinkachizindikira ali kutali. Koma ntchito ya Lachinayi sindinkaidziwa. Sanabise mwankhanza, ankangondisungira mtima. Inenso sindinafunsepo kuti bwato lomwelo likukwanira bwanji chaka ndi chaka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndadya langa chaka chathunthu.

Lachitatu a Saidi anabwera ndi zitini zitatu, ulendo uno osaima pampanda. Tinatapa theka. Tinachotsa dothi lowawasa la m'makona n'kuthira masamba ouma, ndipo anandiuza kuti papaya ndichepetse, makoko akwanira. Chitini cha aphunzitsi a ku Bua anati akapereka okha panjinga. Cha ku nthochi ndinakakhuthula ndekha patsinde, n'kuphimba ndi masamba. Tizilomboto tinabalalika msanga ngati tikudziwa malo.

Fanesi, amene anagona kwathu, anati iye sangatenge misala ya achimwene ake kupita nayo ku Chia. Patapita nthawi anafunsa a Saidi ngati dothi limeneli limathandizanso anyezi. Anachoka ndi kathumba kothera shuga kodzaza dothi ndi tizilombo, atakamanga bwino pansonga ya chitenje, akundichenjeza kuti ndisauze munthu.

Panatsala mbale imodzi, ya nkhuku. Fanesi asanapite anadzipereka kuti andichitire, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinaganiza kuti mwezi wamawa iye kudzakhala kulibe, ndipo mwezi winawo chimodzimodzi. Ngati bwatoli ndi langa tsopano, mbali iyinso ndi yanga. Ndinanyamula mbaleyo, ndinaitana nkhuku, ndinakhuthula. Sindinayang'ane kumbali. Sizinatenge nthawi.

Sindinama, mtima unandipweteka. Koma lero m'mawa ndavundukula masaka ndipo dothi likuoneka, lakuda, likununkhira ngati munda mvula yoyamba itagwa. Ndi mmene linkanunkhirira eni ake ali moyo, ndipo ndinali nditaiwala. Ndakhala pamenepo ndi tiyi wanga kwa kanthawi, mtima uli m'malo. Amati kupatsa n'kuika. Antchito a bambo a Esinati tsopano ali kudimba, ali ku Bua, ali panjira ya ku Chia, ndipo bwato langa litawonongeka ndikudziwa makomo atatu kumene ndingapite ndi chitini.

Inu amene mukusunga chimene wokondedwa wanu anasiya, kaya ndi nkhunda, kaya ndi munda, kaya ndi ntchito ya manja, zothiramo mukuzidziwa. Nanga munafunsapo anzake kuti iye ankachotsamo chiyani, ndipo ankapatsa ndani?