Chaka Chimene Amayi Anadulitsa Mfuti

Ndikukumbukira chaka chimene anyani anandisiyitsa sukulu. Munda wathu ku Mlangeni unali m'tsinde mwa phiri, ndipo chimanga chikangokhwima, ankatsika ngati akubwera kumsika. Bambo anali ku Joni, mwana wamkulu ndinali ine, ndiye kulondera kunagwera ine, Sitandade 7 ili mkati. Ndinkagogoda chitini mpaka manja kuchita matuza. Nanga anyani amaopa mtsikana? Akangoona diresi, ankakhala pansi n'kumasenda chimanga akundiyang'ana. Belu la kusukulu likamveka kutsidya, ndinkalira ndi mkwiyo.

Bambo anasiya mfuti ya chifefe, yaitali ngati mwini wake. Amayi, a Nangozo, anali aafupi koma osagonja. Anakalembetsa chiphaso ku Boma m'dzina lawo, n'kupita nayo kudambo kukaiyesa. Phuu! Tinangoona munthu ali chagada mu udzu, phewa litatupa, tsaya lili bii.

"Alamu, mfuti si munsi," anatero bambo aang'ono akuseka. "Bweretsani ndikusungireni. Mwanayu azingolondera basi, sukulu ya mtsikana imathera kuti?"

M'mawa mwake amayi anaikulunga mfutiyo m'chiguduli, ulendo kwa a Kachingwe, kalipentala yemwe kale anali mlenje.

"Vuto si inu, mayi," anatero mkuluyo. "Chitako cha mfutiyi anachipangira munthu wa mikono yaitali. N'chifukwa chake sichikukhala paphewa."

Anatenga phesi n'kuyeza kuchokera m'kati mwa chigongono cha amayi mpaka kuchala choombera. Anadula chitakocho muyeso wa zala ziwiri, n'kuwauza kuti aikweze atatsinzina, kenako atsegule maso. Inkalozabe pambali, ndiye anadulanso chala chimodzi. Kumapeto anakhomerako chidutswa cha patapata wakale kuti phewa lisamapweteke. Macheka akulira, utuchi ukununkhira, ine ndinafunsa kuti bambo adzati chiyani.

"Akabwera ndidzayankha ndekha," anatero amayi.

Lolemba, mame asanaume, anyani anatsika monga mwa masiku onse, chinyani chachikulu chili patsogolo. Chinaona zitenje n'kuyamba kuthyola mosatekeseka. Amayi anaika mfuti paphewa, tsaya pamtengo, osanjenjemera. Phiri lonse linayankha. Chinyani chija chinangoti khu, anzake kuphiri liwiro la mtondo wadooka. Ine sindinayang'ane n'komwe anyaniwo, ndinayang'ana amayi. Anali chiimire, mayo ine! Ndinalulutira mpaka mawu kusasa.

"Ukuima chiyani? Thamanga ukasambe, belu silinalire," anatero amayi.

Ndinalowa m'kalasi miyendo ili mbuu, ndipo mayeso ndinakhoza. Lero phiri lija ndi mbee, mitengo inathera makala, anyani anasamuka kalekale. Koma zosiyitsa atsikana sukulu sizinathe, zangosintha. Ineyo pano ndine mphunzitsi, ndipo mtsikana akajomba masiku atatu sindituma munthu. Ndimapita ndekha kwawo.