Fani Yaulesi ya Atate

Amayi anabwera kudzakhala nafe ku Silverest ndi chikwama chimodzi chachikulu, mphasa, ndi fani. Mbuzi anasiya, nkhuku anasiya, ngakhale mtondo wawo anasiya, koma fani anaifukata pamiyendo ulendo wonse kuchokera ku Kanakantapa. Inali fani yoti sinazungulirepo chichokereni ine pakhomo kupita ku banja.

Sanabwere mwa kufuna kwawo. Anagwa m'dimba lawo la repu chifukwa cha matenda a bipi, n'kugona pomwepo dzuwa likuwaotcha mpaka mayi wina woyandikana nawo atawaona. Atate anali atamwalira kale, ndipo amayi ankakhala okha pamunda paja. Ine ndine woyamba kubadwa, komanso ndili ndi mtima wapachala. Sindinafunse maganizo a munthu, ndinangotenga galimoto ya amuna anga n'kukawanyamula.

Chikwama chija sanachimasule. Anachiimika kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo, akafuna chitenje n'kusolola chimodzi, akachapa n'kuchibwezera momwemo.

"Mvula ikagwa nibwerera," ankatero m'mawa uliwonse m'malo mwa moni. "Nizankhala bwanji pa nyumba ilibe na mtengo umodzi?"

Apo sankanama. Puloti yathu inali yatsopano, mpanda wa njerwa kuzungulira, malata pamwamba, pabwalo fumbi lokhalokha. Unali Okutobala, ndipo masana m'nyumba simunkakhalika. Ine ndinkayang'ana kumwamba ndi mantha. Anthu onse ankapempherera mvula, ine ndekha ndinkaiopa, chifukwa ndinkadziwa kuti ikangogwa amayi akwera minibasi, ndipo akadzagwanso m'dimba mwina sipadzakhala wowaona.

Ndinawagulira fani yatsopano ya pulasitiki, yoyera, yokhala ndi mabatani ambiri. Anaiyang'ana ikutembenuka uku ndi uku, n'kunena kuti, "Ichi chilibe ulemu. Chingopita chabe monga kondakitala." Tsiku lotsatira ndinapeza ayanikapo duku.

Fani yawo yakale anaiika pawindo ataivundikira kansalu koluka. Mbiri yake ndi iyi. Atate anali kalipentala pa koleji ya aphunzitsi ku Chalimbana, ndipo tinkakhala m'nyumba ya pantchito yokhala ndi magetsi. Faniyo anawasiyira mphunzitsi wina amene ankabwerera kwawo kutsidya kwa nyanja, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali itakalamba kale. Ndi yachitsulo yonse, yakuda, yolemera moti mwana sangainyamule, ndipo mapiko ake ndi amkuwa. Atate atapuma ntchito n'kukatenga munda ku Kanakantapa, kumene kunalibe magetsi, fani inakwera pamwamba pa kabati n'kukhala chokongoletsa.

Koma ngakhale ili moyo inali ndi chilema chake. Mutu wake unkatembenuka bwinobwino, koma ukafika mbali imodzi unkaima, n'kumanjenjemera, kumalira kuti tiki tiki tiki, mpaka munthu kuganiza kuti yafa, kenako n'kubwerera. Ife ana, amene tinkakhala pansi mbali inayo, tinkapsa ndi kudikira. Atate ali pampando wawo ankaikalipira kuti, "Iyi fani ni yaulesi!" Amayi ali pamphasa pafupi ndi khomo ankangosankha nyemba zawo.

Chaka chilichonse kukayamba kutentha, atate ankaiika patebulo kuti aikonze. Ankaigogoda, kuipukusira mutu, kenako n'kumanga legeni yatsopano pakhosi pake, lamba wa mphira uja wodula ku chubu cha njinga. Akaiyatsa, ulesi uli pomwepo. "Yakana," ankatero, n'kusamba m'manja. Atate ankamanga chilichonse ndi malegeni, mpini wa khasu, wailesi, chitseko cha khola, ngakhale nsapato zanga za kusukulu tsiku lina. Ndili mtsikana zinkandichititsa manyazi kuti munthu wopala matebulo owongoka chonchija akulephera kafani.

Ndiye tsiku lina, ndikuona amayi akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto, ndinaganiza zoidzutsa. Ndinati mwina akamva kulira kwa chinthu cha kwawo mtima ukhala pansi. Komanso, kunena zoona, ndinkafuna kuchita chimene atate analephera. Ndine telala, makina anga osokera ndimamasula ndi kumanga ndekha, ndiye fani ingandiopse chiyani?

Ndinayala nyuzi patebulo losokera n'kuyamba. Amuna anga podutsa anaseka.

"Ba telala asanduka ba injiniya lelo? Si tagula kale inangu?"

"Pitani ku nchito," ndinawayankha.

Ntchitoyo inandikomera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinachotsa khola la waya lakutsogolo, kenako mapiko. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza mavu atamangamo nyumba zawo zadothi, mudzi wathunthu, ndipo ndinazikokota ndi singano yolukira. Chingwe chake chinali chokutidwa ndi nsalu, makoswe atachidya mpaka waya kuonekera, choncho ndinadula cha simbi yamagetsi imene inapsa kalekale n'kulumikiza. M'kabokosi ka magiya, kamene kamatembenuza mutu, girisi anali atauma ngati chiponde choiwalika m'botolo. Ndinatsuka dzino lililonse ndi palafini ndi mswachi wakutha, n'kupaka girisi watsopano. Pamene mtanda wa mapiko umazungulira ndinadonthezapo mafuta a makina osokera, ndikuupotoza ndi zala pang'onopang'ono. Poyamba unkakana, kenako unayamba kuvomera, ndipo tsiku limene unazungulira wokha nditaukankha ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi ndili ndekha.

Mapiko ndinawakwecha ndi mandimu ndi phulusa. Anali akuda bii, koma anatuluka ofiirira, owala moti ndinadzionamo mphuno. Amayi ankabwera kudzaima pakhomo, manja kumbuyo, kenako n'kubwerera ku mphasa yawo.

Chomaliza chinali khosi. Legeni ya atate inali ikadali pomwepo, itauma gwa, mfundo yake itakanirira pambali pamene kamkono kotembenuza mutu kamadutsa. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti kamkonoko kakafika pamfundopo kamakakamira, magiya n'kumaterereka mpaka kadutse. Ndinaseka. Zaka zonsezi atate ankati akukonza, chikhalirecho mankhwala awo ndiwo anali matenda. Ndinatenga sizasi n'kuidula, n'kuitaya kudzala.

Magetsi masiku amenewo ankabwera akafuna, ndiye tinadikira mpaka madzulo dzuwa litapendeka. Furiji itangoyamba kung'ung'udza ndinathamanga. Ndinaika fani pakatebulo ka pabalaza, ndinaitana amayi, n'kukankha kabatani.

Inayamba mwaulemu, kenako mphepo inadzaza chipinda. Kulira kwake kunali komwe kuja, kwapansipansi, moti ndinamva fungo la nyumba ya ku Chalimbana. Mutu unapita kumanja, unabwerera kumanzere, unapitanso, wosaima, wosanjenjemera. Ndinaimirira manja m'chiuno kudikira kuyamikiridwa.

Amayi anaitsata ndi maso kangapo. Nkhope yawo inagwa.

"Wachosa chani?"

"Palibe, amama. Nasuka chabe, naika mafuta."

"Pakhosi. Wachosa chani pakhosi?"

"Ija legeni? Ndiye inali kuilemalisa. Onani manje, yapola."

Ananyamuka pang'onopang'ono, n'kupita kuchipinda kwawo. Ndinamva chikwama chija chikukhwekhwerezedwa pansi. Mtima wanga unakwera. Ndatha masiku ndikununkha palafini, madiresi a eni ake ali mulu osasokedwa, ndiye zikomo wake ndi ameneyu? Ndinazimitsa fani n'kuwatsatira, mawu ali kale pamlomo. Ndinawapeza atakhala pabedi, manja ali pachikwama, akugwetsa misozi mwakachetechete. Amayi sanalire chonchi ngakhale tsiku limene ndinakawazula pamunda pawo. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Amama, nalakwa chani?"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Pamene n'nali na mimba yako kunali kupya monga uku. Mendo yanatupa, kugona sin'nali kugona. Ambuye ako, amake atate ako, anabwera kunkhala nase kuyembekeza mwana, pamodzi na alamu anga. Manje mwamuna angatenge fani n'kuilozesa kuli mkazi wake, amake ali pamene apo? Sembe anakamba kuti n'namudyesa kondaine. Mudzi wonse kwathu sembe unamvera."

Kondaine ndi mankhwala aja amene amati mkazi amathira m'chakudya kuti mwamuna apusire iye yekha. Kwathu mwamuna wa nthawi ya atate akangoonetsa kukonda mkazi wake pagulu, mlandu unkagwera mkaziyo.

"Ndiye?" ndinafunsa.

"Ndiye mawa lake fani inadwala."

Ndinasendera pafupi nawo.

"Anakuuzani kuti ni iwo?"

"Atate ako? Kukamba?" Anaseka misozi ili m'masaya. "Chaka china tinasintha mipando, mphasa yanga inachoka kukhomo inayenda kuwindo. Sipanapite masiku, fani inapola kukhomo, inadwala kuwindo."

"Nanga imwe munawauza kuti mwaziba?"

"Kuti aleke? N'nali kuwathandiza kuitukwana."

Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako sindikudziwa chimene ndinkachita. Ndinaona atate ali patebulo paja, akugogoda fani ndi nkhope yokwiya, akuyeza mfundo yawo mosamala ngati mmene ankayezera thabwa. Zaka zonse zija tinkapsa mbali inayo tikuseka kalipentala wolephera. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lambiri ndithu. Koma pansi pa manyaziwo ndinali wokondwa kwambiri, chifukwa ndinakula ndikuganiza kuti makolo anga ankangopirirana.

M'mawa mwake ndinapita kumsewu kwa bambo wokonza njinga kukapempha chubu chakutha. Anandifunsa ngati ndayamba kusaka mbalame. Ndinadula lamba wabwino ndi sizasi yomwe ija, ndinayala mphasa ya amayi pabalaza pafupi ndi khomo, ndipo magetsi atabwera tinayamba.

Kulemaza chinthu mwaluso n'kovuta kuposa kuchikonza. Nditamanga kolimba, mutu unakanirira osabwereranso. Nditamasula, unangodutsa ngati sukundidziwa. Mfundo ikakhala pamwamba inkaterereka, ikakhala pansi inkaluma waya. Thukuta linkatsika, ndipo ndinayamba kuikalipira faniyo ndi mawu omwe aja a atate osazindikira. Amayi ali pamphasa, miyendo atatambalala, ankalamula.

"Onjeza. Iyayi, wapitilira. Bweza pang'ono. Anali kuchedwako kupambana apo."

Kenako zinatheka. Mutu unabwera, unafika pa iwo, unaima. Tiki tiki tiki. Nsonga ya duku lawo inayamba kuvina. Anatseka maso, n'kukweza chibwano pang'ono, ndipo anakhala choncho mpaka fani inawatsanzika n'kupita kukaona mbali ina.

"Ni iyo," anatero.

Sanalonjeze chilichonse, ndipo nane sindinafunse. Ankadandaulabe kuti madzi a pano alibe kukoma ndiponso kuti anthu a kuno amadutsana osapatsana moni. Chikwama chinali chikhalire kuseri kwa chitseko. Koma masana aliwonse magetsi akakhalapo ankakhala pamphasa paja, ine ndili pamakina anga, fani ikuyenda pakati pathu, kwa ine mongodutsa, kwa iwo mocheza. Sindinayambe ndakondwapo ndi kupsa ngati masiku amenewo.

Mvula yoyamba inagwa masana ena, yamphamvu, malata kuchita kugonthetsa m'khutu. Fungo la dothi linalowa m'nyumba, ndipo ine ndinasoka mzere wokhota chifukwa maso anali pachitseko cha amayi. M'mawa kutacha ndinamva zipi ya chikwama ikulira. Ndinati basi, zatha. Ndinapita ndikukonzekera mkangano, koma ndinapeza zitenje zonse zili pabedi, chikwama chili chopanda kanthu. Pansi pake penipeni anali atatulutsapo botolo la nthanga za maungu ndi njere ya mango youma.

"Khasu lili kuti pa nyumba pano?" anafunsa osandiyang'ana. "Kapena na khasu mulibe?"

Mangowo anawadzala pakona ya mpanda, ndipo tsopano afika m'chiuno mwanga. Munda wa ku Kanakantapa akulima mlongo wanga.

Amuna anga sindinawauze za legeni, ndipo sindidzawauza. Okutobala wotsatira, Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, anakhala pasofa akudontha thukuta, fani itaima mbali ya kukhomo ikunjenjemera.

"Iwe, injiniya," anandiitana, "fani yako siinapole. Ona, yaima futi kwamene kuja."

Ndinaweramira pansalu imene ndinkapinda. Amayi sayankhula ndi mkamwini mwachindunji, ndiye anatembenukira kwa ine, maso ali otseka, duku likuvina.

"Uwauze apongozi kuti ni yaulesi chabe. Atate ako anayesa, inakana."