Dzina la Mayi Nachisale pa Foda ya Ofesi

Ndili m'kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu ya ku ofesi kwathu. Kunja dzuwa lili paliwombo, koma muno mukuzizira ngati m'mochale. Foda ya pakompyuta imene tonse timasungamo ntchito yasanduka chitseko chachitsulo, ndipo maina a ololedwa kulowa alembedwa pamenepo ndi choko. Wolemba ndi kufufuta mainawo ndine. M'manja mwanga muli kansanza konyowa.

"Odi, achimwene a makompyuta."

Ndi Mayi Nachisale, mlembi wathu amene tinamuika m'manda Loweruka. Avala juzi yawo yobiriwira ija, kumapazi kuli dothi lofiira.

"Ndimati ndimalize kalata ija," akutero. "Koma akuti ndilibe chilolezo."

"Pepani mayi, ndi lamulo. Munthu akasiya ntchito timachotsa dzina."

"Ndasiya ntchito ine? Kwathu sanamete n'komwe. Zovala zanga zikadali pachingwe, palibe wazikhudza. Inu mwafulumira chotani?"

Ndikutola choko kuti ndilembenso, koma chikungonyenyeka. Mawaya a seva amera mizu, alowa m'simenti. Kuseri kwa chitseko wina akutaipa, ndipo ndikudziwa kataipidwe kake: ndi iwo omwe, chikhalirecho aima pambali panga.

"Tabweretsani," akutero mwaulemu.

Akulandira kansanzako ndi manja awiri. Akuyendetsa chala pamndandanda mpaka apeza dzina langa, n'kuyamba kufufuta pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

Ndadzuka zala zili zii. Dzina lawo ndinalichotsadi Lolemba m'mawa, ndisanamwe n'komwe tiyi.